William Christopher Zeise (1789–1847), amene adatulukira fungo la m'silinda ya gasi

Mphunzitsi, mukadutsa madzulo ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose kapena ku Mabvuku mumzinda wa Harare, mudzaona anthu ali pamzere pa tizisakasa ta malata, aliyense atanyamula silinda yake ya gasi. Wogulitsa amaika silindayo pasikelo, kulumikiza paipi, nkupopa makilogalamu awiri kapena atatu malinga ndi thumba la wogula. Akamamasula paipiyo pamamveka kuti fwii, ndipo pomwepo pamatuluka kafungo koipa, kangati kabichi wowola wosakaniza ndi adyo. Mabanja ambiri a m'malokeshoni amenewa, kuphatikizapo ana ndi zidzukulu za matchona ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, adayamba kudalira gasi kaamba ka kuzimazima kwa magetsi. Mu 2019, madzi atachepa m'damu la Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku.

Tsiku lina m'kalasi ya sukulu yakwacha ndidafunsa amayi kuti gasi amanunkha bwanji. Onse adayankha, wina nkugwira mphuno. Nditawauza kuti gasi weniweniyo alibe fungo lililonse, adandiyang'ana ngati ndikuwanamiza. Komatu ndi zoona. Gasi wophikira, amene ndi msakanizo wa propane ndi butane, sanunkha. Fungo limene mumamvalo amachita kuthiramo dala kuti gasi akamatuluka pena pake mudziwe moto usanabuke. Mankhwala amene amathiramo kawirikawiri dzina lake ndi ethyl mercaptan, ena amati ethanethiol, ndipo munthu woyamba kuwapanga ndi amene tiwerenge mbiri yake m'gawo lino.

Mwana wodwaladwala wa ku Slagelse

William Christopher Zeise adabadwa pa 15 Okutobala 1789 m'tauni ya Slagelse, m'dziko la Denmark kumpoto kwa Ulaya. Bambo ake, a Frederick Zeise, adali ndi famase, ndipo masiku amenewo mwini famase ankasinja, kuwiritsa ndi kusakaniza yekha mankhwala amene ankagulitsa. Mwanayo adakulira pakati pa mabotolo, timitondo ndi masikelo. Koma thupi lake silidali lolimba. Mu 1805 adamutumiza ku Copenhagen, likulu la dzikolo, kuti akaphunzire ntchito kwa Gottfried Becker, yemwe adali wosakaniza mankhwala wa kunyumba ya mfumu. Patangotha miyezi yowerengeka mnyamatayo adabwerera kwawo chifukwa cha matenda.

Nthawi imene adakhala pakhomoyi siidapite pachabe. Ankawerenga yekha mabuku a sayansi yatsopano imene adaiyambitsa Antoine Lavoisier wa ku France, yoti chilichonse chimene chalowa m'mbiya yoyesera ndi chimene chatulukamo chiyenera kuyezedwa pasikelo. Khalidwe loyeza mosamalali ndi limene lidadzamutchukitsa, ndiponso ndi limene lidadzamukanganitsa ndi akuluakulu anzake.

Mwayi wake udabwera kudzera m'chibwenzi cha makolo. Bambo ake adali mnzawo wakale wa bambo a Hans Christian Ørsted, katswiri amene mu 1820 adadzaonetsa kuti waya wodutsa magetsi amatembenuza singano ya kampasi. Mu 1806 Zeise, ali ndi zaka 17, adakakhala kunyumba kwa Ørsted ku Copenhagen namamuthandiza kukonza zipangizo zophunzitsira. Adalowa yunivesite mu 1809, ndipo mu 1815 adakhoza mayeso a ntchito ya famase.

Zaka zimenezo zidali zowawa ku Denmark. Mu 1807 zombo zankhondo za Angerezi zidaphulitsa mzinda wa Copenhagen, ndipo mu 1813 chuma cha boma chidagweratu. Yunivesite idalibe labotale yoti wophunzira kemisitiri nkuyeseramo zinthu. Ndiye Zeise adatani? Adabwerera ku Slagelse nakonza kachipinda ka kufamase ya bambo ake kukhala malo ake oyesera. Kafukufuku amene adamupezetsa digiri ya udokotala mu 1817, wofufuza mmene mankhwala a mtundu wa soda amasinthira zinthu zochokera ku zamoyo, adachitikira m'kachipinda kameneko. Inu amene mukuphunzira maphunziro ano pamakalata, mukuwerenga usiku mutaweruka ndipo kusukulu kwanu kulibe labotale, mfundo imeneyi musaidumphe.

Mu 1818 adapeza thandizo la ndalama napita kunja. Adakhala miyezi inayi ku Göttingen m'dziko la Germany akuphunzira luso loyeza kwa Friedrich Stromeyer, kenaka adakhala pafupifupi chaka ku Paris komwe adakumana ndi Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden, yemwe panthawiyo adali mkulu wa akatswiri onse a kemisitiri. Atabwerera kwawo mu 1819 adapeza kuti ntchito palibe. Ørsted ndiye adamumenyera nkhondo mpaka padapezeka kandalama, ndipo khitchini ya nyumba ina mumsewu wa Nørregade idasandutsidwa labotale yophunzitsiramo. Mu 1822 Zeise adakhala pulofesa wa kemisitiri pa yunivesite ya Copenhagen. Sukulu ya zaumisiri ya Polyteknisk Læreanstalt itatsegulidwa mu 1829, adayambanso kuphunzitsa kumeneko mpaka imfa yake.

Mchere wachikasu kawiri

Zeise adakonda kufufuza sulufule, mwala wachikasu umene ukapsa umatsamwitsa. Cha mu 1823 adasakaniza zinthu zitatu: mowa wosasungunula, potashi, ndi madzimadzi aululu otchedwa carbon disulfide. Potashi musadabwe naye, ndi mbale wake wa chidulo chimene amayi amatcheza kuchokera ku phulusa pophika therere, kungoti wa m'labotale ndi waukali koposa. Pamsakanizowo padatuluka mchere watsopano. Popeza ukakumana ndi kopa umapanga zinthu zachikasu, dzina lake lidachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza chikasu, ndipo lero timautcha xanthate.

Iye sadadziwe kumene mchere umenewu udzafike. Mu 1892 akatswiri a ku England adaugwiritsa ntchito popanga ulusi wa viscose kuchokera ku mitengo. Mu 1925 Cornelius Keller wa ku America adalembetsa njira yolekanitsira miyala ya mtengo wapatali ndi dothi pogwiritsa ntchito xanthate. Miyala imaperedwa nkukhala ngati ufa, amaithira m'madzi pamodzi ndi xanthate, nkuuzira mpweya pansi. Xanthate amamatirira ku timiyala tokhala ndi chitsulo, timiyalato timakwera ndi thovu, dothi nkutsala. Migodi ya kopa ya ku Zambia imagwira ntchito motere, chimodzimodzinso migodi ya platinamu ya ku Zimbabwe monga ya ku Ngezi, Mimosa ndi Unki.

Platinamu yemweyo ndi amene adamubweretsera mkangano. Zeise adawiritsa mchere wa platinamu m'mowa, nathiramo mchere wina wa potaziyamu, ndipo adapeza timiyala tachikasu tonga singano. Atayeza mobwerezabwereza adalemba, cha mu 1830, kuti m'timiyalato platinamu wagwirana ndi mpweya wa ethylene, womwe uli ndi kaboni ndi hayidirojeni basi. Justus Liebig wa ku Giessen, munthu wotchuka ndi wa pakamwa pakuthwa, adakana kwamtuwagalu. Iye ankati m'gawo limenelo muyenera kukhala okosijeni ndipo Zeise walakwitsa poyeza. Zeise sadabweze ndi mawu ambiri. Adabwerera kusikelo, nayezanso, napeza zomwezo. Mlanduwu udatha iye atamwalira kale: mu 1868 Karl Birnbaum adapanga mchere womwewo pogwiritsa ntchito mpweya wa ethylene mwachindunji. Mmene chitsulo chimagwirira mpweyawo zidadzafotokozedwa bwino m'zaka za m'ma 1950. Mpaka lero mabuku amautcha mchere wa Zeise, ndipo ndi umodzi mwa misakanizo yoyambirira kupangidwa imene chitsulo chimagwirana ndi kaboni.

Mowa umene okosijeni wake wasinthidwa

Tsopano tifike pa fungo lija. Pakati pa 1832 ndi 1834 Zeise ankafufuza chimene chingachitike sulufule akalowa pamalo a okosijeni m'mowa. Adatenga mchere wopangidwa kuchokera ku mowa ndi asidi wa sulufule, nauwiritsa pamodzi ndi barium sulfide wokhutitsidwa ndi mpweya wonunkha ngati mazira owola. Nthunzi itazizira padatsala madzimadzi oyera mbee, opepuka, a fungo losapiririka. Zotsatira zake adazisindikiza mu 1834.

Lembani pabolodi zilembo ziwiri izi moyandikana: C2H5OH ndi C2H5SH. Choyambacho ndi ethanol, mowa umene uli m'kachasu, womwenso amaupanga ku Dwangwa ndi ku Triangle kuchokera ku nzimbe. Chachiwiricho ndi chimene adapanga Zeise. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chokha, O wasanduka S. Koma taonani zotsatira zake. Ethanol amawira pa madigiri 78 ndipo amasakanikirana ndi madzi mulimonse. Mnzakeyu amawira pa madigiri 35, kutanthauza kuti kutentha kwa thupi la munthu, komwe ndi madigiri 37, nkokwanira kumusandutsa mpweya, ndipo m'madzi amangosungunuka pang'ono. Chifukwa chake nchakuti tizigawo ta ethanol timakokana mwamphamvu kudzera mwa okosijeni, pamene sulufule sakoka chotero, ndiye tizigawoto timabalalika msanga. Amayakanso mosavuta kwambiri. Za fungo ndiye osanena: mphuno ya munthu imatha kulimva ngakhale patakhala gawo limodzi lokha m'magawo biliyoni a mpweya.

Zeise adaona chinthu chinanso. Atathira madzimadziwo pa ufa wofiira wa mekyule, zidagwirana mwaukali nkusanduka timiyala toyera. Nchifukwa chake adawatcha mercaptan, kuchokera ku mawu awiri a Chilatini otanthauza chogwira mekyule. Pambuyo pake zidadziwika kuti uwu ndi mtundu wonse wa mankhwala okhala ndi sulufule wolumikizana ndi hayidirojeni kumapeto kwake. Akatswiri a lero amautcha mtunduwu kuti thiol. Fungo la kanyimbi wa ku America limachokera ku mankhwala a mtundu womwewu.

Kwa zaka zambiri mercaptan adangokhala chodabwitsa cha m'labotale. Chimene chidasintha zinthu kwambiri ndi ngozi ya pasukulu, ndipo ife aphunzitsi tiyenera kuidziwa. Pa 18 Malichi 1937, m'tauni ya New London ku Texas m'dziko la America, gasi wopanda fungo amene sukulu inkatenthetsera makalasi adakhala akutuluka paipi nadzaza kunsi kwa nyumba popanda womumva. Masana, mphunzitsi wa ntchito zamanja atayatsa makina a magetsi osalazira matabwa, kamoto kakang'ono kadathetheka ndipo sukulu idaphulika. Ana ndi aphunzitsi pafupifupi 300 adafa. Chaka chomwecho boma la Texas lidalamula kuti gasi azithiridwa fungo, ndipo maiko ena adatsatira. Nzeru yothira fungo idalipo kale m'malo ena a ku Ulaya, koma padafunika maliro ochuluka chotere kuti isanduke lamulo.

Mlingo wake ndi wochepa zedi. Ku America amathira ethyl mercaptan wosakwana theka la kilogalamu m'malita pafupifupi 38,000 a gasi wamadzi. Cholinga nchakuti fungo limveke gasi asanafike ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo asanu a mlingo umene ungayake. M'migodi ina ya pansi panthaka amathira mankhwala omwewa m'mpweya wopita kwa anthu ogwira ntchito pakagwa ngozi, poti m'phokoso la makina belu samveka koma fungo limafika paliponse.

Kagwiridwe kake

M'labotale za masiku ano mercaptan satsegulidwa pabwalo. Amamutsegulira m'kabati yokhala ndi fani yokoka mpweya kupita kunja, botolo lili lozizira, kutali ndi moto, wogwirayo atavala magolovesi ndi magalasi. Akachuluka mumpweya amapweteketsa mutu, kuchititsa nseru ndi chizungulire, ndipo wochuluka kwambiri angakomole munthu. Mabotolo ndi timapaipi togwiritsidwa ntchito amazinyika m'madzi a bulitchi, wonga Jik wochapira uja, chifukwa bulitchi amasintha sulufuleyo kukhala chinthu chosanunkha. Dontho limodzi lotayikira m'sinki lingachititse anthu a m'nyumba yonse kuthawa poganiza kuti gasi akutuluka. Mu Januwale 2013 mankhwala a mtundu umenewu atatuluka pafakitale ina mumzinda wa Rouen ku France, fungo lidamveka mpaka ku Paris ndi kummwera kwa England. Choncho musayerekeze kufuna botolo la mercaptan kuti mukaonetse ana. Silinda ya kunyumba ndi yokwanira kukambirapo.

Zeise zonsezi adalibe. Ankagwira carbon disulfide, mekyule ndi mpweya wa mazira owola m'zipinda zosalowa bwino mphepo, zaka ndi zaka, ali kale munthu wofooka. Ena olemba mbiri yake amaganiza kuti zimenezi zidaonjezera kudwaladwala kwake.

Pakhomo, mercaptan timakumana naye ali m'gasi, ndipo apa pali mfundo zimene ndimaona kuti ambiri sazidziwa. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, ndiye akamatuluka amayenderera pansi ngati madzi. M'malokeshoni momwe banja lonse limachita lendi chipinda chimodzi, chomwecho chophikira chomwecho chogona, ana ogona pansi ndiwo amakhala m'gasimo. Kachiwiri, mphuno imatopa. Mukakhala m'fungo kwa mphindi zingapo mumayamba kuona ngati latha pamene likadalipo. Munthu wachimfine, wokalamba, woledzera kapena amene adasiya kumva fungo atadwala Covid-19 sangadalire mphuno yake. Kachitatu, dzimbiri la m'kati mwa silinda yakale, ngakhalenso chitsulo cha silinda yatsopano, chimatha kumwa gawo la mercaptan, fungo nkuchepa mphamvu. Paja dzina lake lomwe likunena kuti amagwirana ndi zitsulo.

Ndiye mukamva fungo, tsekani pamutu pa silinda, tsegulani chitseko ndi mawindo, tulutsani anthu. Musayatse machesi kapena kandulo, ndipo switchi ya magetsi musaikhudze, kaya kuyatsa kaya kuzimitsa. Kumbukirani makina a ku New London aja. Pofufuza pamene pakutuluka gasi pakani madzi a sopo papaipi ndi polumikizira, thovu likatukuka ndi pomwepo. Ku Zimbabwe ogulitsa gasi amayenera kukhala ndi chiphaso cha bungwe la ZERA, ku Malawi cha MERA, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa.

Kumene mercaptan wafika pa kafukufuku

Chimene Zeise adaona pa ufa wa mekyule chidadzathandiza madokotala kumvetsa poizoni. M'mapuloteni a thupi lathu muli tizigawo ta sulufule ta mtundu womwewu. Mekyule akalowa m'thupi amakagwira tizigawoto, puloteniyo nkulephera ntchito yake. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mekyule amene makorokoza amawotcha polekanitsa golide amawonongera ubongo ndi impso. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, akatswiri a ku Oxford motsogozedwa ndi Rudolph Peters adaitembenuza nzeruyi: adapanga mankhwala a dimercaprol, okhala ndi tizigawo tiwiri totere, kuti tizigwira poizoni wa arsenic iye asanagwire thupi. Mankhwalawa adadzagwiritsidwanso ntchito pa poizoni wa mtovu ndi mitundu ina ya mekyule. Nawo mankhwala a captopril, ochepetsa kuthamanga kwa magazi, amene adaloledwa ku America mu 1981, ndi a mtundu womwewu, ndipo mukaliyang'anitsitsa dzinalo muona chidutswa cha mawu a Zeise.

M'labotale zofufuza magazi, mbewu ndi tizilombo toyambitsa matenda simusowa kabotolo ka 2-mercaptoethanol. Ntchito yake ndi kudula timilatho ta sulufule timene timapinda puloteni, kuti puloteniyo itambasuke nkuyezedwa kukula kwake. Timilatho tomweto ndi timene timalimbitsa tsitsi, ndiye mankhwala ena opotera tsitsi ku saluni, onunkha aja, amagwira ntchito mwa njira yomweyo.

Zaka zake zomaliza

Zeise adakwatira mochedwa. Mu Febuluwale 1842, ali ndi zaka 52, adamanga banja ndi Maren Martine Bjerring. Thanzi lidapitirira kuvuta koma sadasiye kuyeza. Mu 1843 adafufuza zimene zimatuluka fodya akamapsa, nkhani imene ife a kuno kolima fodya ingatikhudze, ndipo chakumapeto kwa moyo wake adatulutsa m'karoti chinthu chimene chimampatsa mtundu wake, chotchedwa carotene, naonetsa kuti chili ndi kaboni ndi hayidirojeni zokha. Pochisungunula adagwiritsa ntchito carbon disulfide yemwe uja adayamba naye.

Adamwalira ku Copenhagen pa 12 Novembala 1847 ali ndi zaka 58. Adaikidwa kumanda a Assistens mumzinda womwewo, kumenenso adadzaikidwa Ørsted mu 1851.

Ntchito

Musanaphunzitse gawo lino, funsani ophunzira anu kuti ndi angati amaphikira gasi kwawo, silinda imakhala pati usiku, ndipo ndani amagona pafupi nayo. Afunseninso mawu amene amatchulira fungolo m'chilankhulo cha pakhomo pawo, kaya Chichewa, Chishona kapena Chisena, ndipo muyambire phunziro pa mawu amenewo. Dzina la Zeise ndi zilembo ziwiri zija zibwere pambuyo. Lembani mayankho awo pa tsamba limodzi, muonjezere ndime yofotokoza m'mawu anuanu chifukwa chimene munthu sayenera kudalira mphuno yokha, ndipo mutumize pamodzi ndi ntchito ya mwezi uno.